Msana wa aNgolo

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali munthu wonyamula katundu. Ntchito yawo inali yomweyo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu: kutsitsa matumba a simenti m'malole ndi kuwasanja m'depoti. Anzawo ankawatchula kuti aNgolo, chifukwa pamene ena ankasenza thumba limodzi, iwo ankati awasanjikizire awiri, n'kumayenda akuimba mluzu. Dzinalo linafika mpaka kunyumba. Ngakhale achemwali, akapsa mtima, ankaiwala zoti "bambo" n'kuitana kuti aNgolo.

Ine ndinkakhala nawo. Ukwati wanga utatha ndinabwera ndi makina anga osokera, ndipo anandipatsa kachipinda ka kumbuyo. Nyumbayo inali pamwamba pa shopu ya zitsulo. Kuti ufikeko unkakwera masitepe achitsulo a kunja, opapatiza, akuthwa m'mphepete moti anandithera masiketi. Makina angawo anawakweza alamu okha pamsana, thebulo lake ndi chopondera chomwe. Atafika pamwamba anandifunsa ngati ndinali ndi katundu weniweni, poti uyu anali choseweretsa ana.

Sanali munthu wa mowa kapena wa mpira. Akaweruka ankasamba pampopi wa pansi, koma simenti sinkachoka yonse. Inkatsalira m'nsidze ndi m'ming'alu ya m'manja, moti ukawapatsa moni unkakhala ngati wagwira njerwa. Akadya ankatsegula wailesi n'kugona pampando nkhani zisanafike pakati. Tsiku lopuma ankakhala pa sitepe yapamwamba n'kumawenga zikhadabo za kumapazi ndi sizasi yanga yodulira nsalu. Nkhani imeneyi tinakanganirana kambirimbiri. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chinali chokhuthala ngati chitsekerero cha botolo, ndipo sizasi ikachoka pamenepo inkangotafuna nsalu za anthu.

"Alamu, mapazi amenewa ndi amene amakudyetsani," ankatero. "Sizasi iziwapatsa ulemu."

Kudepotiko kunali zinthu ziwiri zimene wonyamula aliyense ankazikhulupirira kuposa jakisoni. Choyamba chinali lamba. Ankadula lamba wakale wa makina a chigayo, wotambalala kuposa chikhatho, n'kumuboola ndi msomali wamoto. Msana ukawawa unkangomanga pabowo lotsatira, basi. Chachiwiri ankachitcha kusita. Nthawi ya nkhomaliro munthu ankagona chafufumimba pa matumba opanda kanthu, mnzake n'kuvula nsapato, kugwira khoma, n'kumamuyenda pamsana ndi zidendene kuchokera m'chiuno mpaka m'mapewa. Msana ukalira, onse ankaomba m'manja kuti walowa m'malo. Zokadandaula kwa kapitawo kunalibe. Wotchula msana ankapatsidwa tsache, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsache ndi njira ya kugeti.

Wosita wamkulu anali aNthenga, bambo woonda, wopanda mano akutsogolo, wopepuka kuposa onse koma wolimba ngati chingwe. Iwo ndi alamu anayamba ntchito limodzi ali anyamata. Alamu ankati zidendene za aNthenga zili ndi maso.

Msana wa alamu unayamba kuwawa monga unkawawira nthawi zonse, ndipo palibe amene anadabwa. Wonyamula simenti wosamva msana ndi amene angadabwitse anthu. Anamanga lamba pabowo lotsatira. Patapita milungu anamanganso pena, kenaka mabowo anatha, ndipo ndinawapeza akuwotcha msomali pambaula kuti aboole ena. Mathalauza awo anayamba kubwera kumakina kwanga kuti ndiwachepetse m'chiuno. M'mawa uliwonse achemwali ankayanika zofunda zitanyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira. Chakudya ankangochigwiragwira n'kusamba m'manja. Ndipo ululuwo sunkaleka akapuma. Anasiya bedi n'kumagona pansi atapinda miyendo, koma m'mawa ankadzuka nkhope itatuwa kuposa dzulo lake.

"Alamu, pitani kuchipatala," ndinawauza.

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ndikutopa? Mwamuna ndi kabudula, alamu, amathera moyenda."

"Kabudula akang'ambika mumabwera naye kwa ine. Inu mukang'ambika ndidzakusokani ndi chiyani?"

Anaseka, atagwira m'chiuno. Achemwali, amene ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, anangoti, "Asiye iwe, thupi lawo akulidziwa."

Nditawalongolola mokwanira anapita kukachipatala ka pafupi, kuti andipumule. Kumeneko anakanena kuti amanyamula simenti ndipo msana ukuvutako pang'ono. Pang'ono! Atafunsidwa ngati akutsokomola anati ayi, ndipo apa sananame. Za thukuta ndi mabowo a lamba anazisiya kunyumba. Anawapatsa mapiritsi opha ululu n'kuwauza kuti abwerenso ngati sizikusintha. Sanabwerereko. Mapiritsiwo ankawaziziritsa mokwanira kuti asenze, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuchira.

Kenaka m'mphechepeche mwa mwendo munatuluka chotupa chofewa, chosatentha, chosawawa. Iwo anati ndi mwanabere, aphwa yekha. Pamsana, pamwamba pang'ono pa lamba, panatukuka kafupa kooneka ngati mfundo ya chala chopinda.

Kafupa kameneka ndi kamene aNthenga anakamva ndi chidendene. Ine kudepotiko kunalibe, koma nkhaniyi anandiuza okha, osati kamodzi. Anatsika, anakagwira ndi dzanja, n'kuitana anzawo kuti adzaone. Onse anagwirizana chimodzi: fupa lachoka m'malo, n'chifukwa chake aNgolo akuonda, ndipo likabwerera zonse zitha. Palibe amene anawafunira zoipa. Amuna akuluakulu, oti ena anali ndi zidzukulu, anaima mozungulira mnzawo n'kumapangana za poponda. Alamu analuma kolala ya malaya n'kunena kuti, "Ponda, Nthenga, usandimvere chisoni."

ANthenga anaika chidendene pa kafupako n'kutsamira ndi thupi lonse. Msana unalira kuti thyo, ngati nthambi youma. Onse anaomba m'manja.

Madzulo ake alamu anakwera masitepe atagwira zitsulo za mbali zonse ziwiri, akukoka mapazi. Anati miyendo ikumveka ngati abwereka ya munthu wina. M'mawa mwake sanathe kuima osagwira khoma. Anzawo anabwera kudzawaona n'kunena kuti kusita kwamphamvu kumatero, ndi dzanzi chabe, magazi akayenda litha. Ine ndinakuwa mpaka wa shopu ya pansi anatuluka kudzayang'ana. Ndinati awanyamule tsiku lomwelo. Alamu anati m'nyumba mwawo salamulidwa ndi telala. Achemwali analowa kukhitchini n'kumatsuka mbale zotsuka kale.

Masiku angapo anathera m'kukangana kumeneko, dzanzi likukwera kuchokera kumapazi kufika m'maondo, kuchokera m'maondo kufika m'ntchafu. Masiku amenewo ndikawakumbukira mtima umandiwira mpaka lero. Chimene chinawagonjetsa sichinali pakamwa panga. Tsiku lina masana atakhala pampando, ife tili pomwepo, pansi panayamba kuyenderera madzi. Iwo sanamve kanthu. Anaona pamene ife tinkayang'ana, n'kuyang'ananso pathalauza lawo.

"Nditengeni," anatero, mawu ali pansi.

Anzawo anawatsitsa pamasitepe aja atawaika m'bulangete.

Kuchipatala chachikulu tinakumana ndi adokotala a mafupa, mayi wamfupi wa magalasi, wosazungulira polankhula. Anawagogoda m'maondo, anawabaya ndi kaphini kuyambira kumapazi kupita m'mwamba, akufunsa ngati akumva. Alamu anayamba kumva kaphiniko katafika pamchombo. Anawajambula, ndipo pachithunzi ngakhale ine ndinaona: mafupa a msana anali atasanjikizana bwinobwino ngati njerwa, koma awiri a pakati anali ataphwanyikirana. Kenaka anawalowetsa m'makina aakulu aja olowa munthu wathunthu. Anabaya chotupa cha m'mphechepeche chija ndi jakisoni wamkulu, ndipo munatuluka mafinya oti sindinkaganiza kuti angakwane m'thupi la munthu akuyenda. Anati mafinyawo anachokera kumsana n'kutsetsereka mkati mwa mnofu.

Achemwali anapempha kuti ayambe mankhwala nthawi yomweyo. Adokotala anakana.

"Sitingapereke mankhwala mongoganiza, mayi. Pali tizilombo tina timene timadya fupa mwachangu, munthu n'kutentha thupi kwambiri, ndipo timeneto timafuna mankhwala a m'dripi kwa milungu. Pali tina todya pang'onopang'ono. Khansa nayo pachithunzi imatha kuoneka chonchi. Tiyeze mafinyawa kaye, tidziwe mdani wathu."

Zotsatira sizinachedwe. Inali TB ya msana.

"Koma sakutsokomola," anatero achemwali, ngati akuwaikira kumbuyo pamlandu.

"TB sikhala m'mapapo mokha. Imatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika m'bondo, m'chiuno, kapena mumsana ngati umu. Yakhala ikudya mafupawa kwa miyezi. Ataphwanyika, zidutswa zake ndi mafinya zapanikiza mtsempha waukulu umene umatenga uthenga kuchokera kumutu kupita kumiyendo. Miyendoyi inasiya liti kugwira ntchito?"

Ndinayankha ine. Adokotala anavula magalasi n'kupukuta.

"TB tiichiza, bambo, imeneyo musade nayo nkhawa. Za miyendo sindikulonjezani. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, pena umadzuka, pena sudzuka."

ANthenga anawadikirira adokotalawo pakhonde la wodi, chipewa chili m'manja. "Amayi, ndiuzeni zoona. Kodi ndine ndawathyola?"

"Fupalo linali litadyeka kale ngati chitseko cha chiswe," anatero adokotala. "Likanatha kugwa ndi thumba la simenti, kapena potsika masitepe. Koma musadzapondenso munthu pamsana potupa."

Likanatha, inde. Koma silinagwe ndi thumba. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinawatonthoze. Iwonso sanaoneke ngati atonthozedwa.

Alamu anawachita opareshoni. Anachotsa mafinya ndi mafupa ofa, n'kumanga msanawo ndi tizitsulo ndi masikuluwu. Atayamba kuwakhazika tsonga anawabweretsera chovala cholimba cha pulasitiki, chomanga kuchokera m'chiuno mpaka pachifuwa. Alamu anachiyang'ana n'kunena kuti, "Adokotala, ndiye kuti mankhwala ake ndi lamba yemweyo?" Wodi yonse inaseka, ndi ine ndemwe, ngakhale misozi inali pafupi.

Tinabwerera nawo kunyumba ndi thumba la mapiritsi oti amwe pafupifupi chaka chathunthu, m'mawa uliwonse asanadye kanthu, osadumphitsa. Mkodzo unkatuluka pakapaipi kamene anawaika kuchipatala, uli wofiira ngati madzi a dzimbiri, ndipo anatiuza kuti ndi mankhwalawo, tisaope. Tinaphunzira kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwapinda ndi kuwawongola miyendo, kuwasambitsa osawachotsa ulemu wonse. Ntchito yaikulu inagwera achemwali. Munthu wofatsa uja sanadandaulepo, ndipo pamenepo ndinasiya kuwanyoza.

Mankhwala anagwira. Thukuta linaleka, chotupa chinauma, chakudya chinayamba kutha m'mbale. Kuyambira pamchombo kupita m'mwamba anabwerera kukhala aNgolo, mapewa ndi nthabwala zomwe. Kumunsi miyendo inkangofota.

Tikapita kuchipatala adokotala ankavundukula phazi n'kunena kuti, "Gwedezani chala chachikulu." Kamodzi anati chalacho chikadzagwedera ndiye kuti uthenga wayamba kudutsa. Mawu amenewo achemwali anawatola n'kuwasunga. M'mawa uliwonse, mapiritsi akamwedwa, ankavundukula phazi lamanja n'kundiitana. Alamu ankaluma mano, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka ngati akusenza matumba awiri aja, maso athu onse ali pachala.

"Chagwedera!" ankatero achemwali. "Pang'ono, koma chagwedera."

"Alamu, inu simudziwa kunama," ankatembenukira kwa ine. "Chagwedera?"

Ine amene ndimauza aliyense chilichonse, apa ndinkangoti ulusi wandithera maso.

Chikhadabo cha chala chimenecho chinakula mpaka kuyamba kupindika. Ndinabweretsa sizasi yanga ndekha, osapemphedwa, kuti achemwali awenge. Alamu anakana. Zala zina analola, koma ichi anati tichisiye. Adzawenga okha atakhala pa sitepe yawo, tsiku limene adzatulukire pakhomo ndi miyendo yawo.

Tsiku lililonse la kuchipatala aNthenga ankafika m'mamawa osaitanidwa, atamanga lamba wawo. Ankawabereka alamu kumsana, kutsika nawo masitepe, ndipo pobwerera ankawakweza. Alamu ankalamula ali kumsanako ngati kapitawo. "Pinda maondo, iwe, osati msana. Unaphunzira kuti kunyamula?" ANthenga ankangoti, "Chabwino, achimwene." Achemwali ankawapatsa tiyi. Ine sindinawapatsepo.

Miyezi ya mankhwala itatha tinapita kukamva mawu omaliza. Adokotala anatisonyeza chithunzi chatsopano. Mafupa aja anali atalumikizana n'kukhala chinthu chimodzi, mafinya kunalibe, magazi anali bwino.

"TB yatha, bambo. Mapiritsi musiye. Mwachira."

Achemwali anaomba m'manja. Adokotala sanamwetulire. Anavula sokosi ya alamu, poti nsapato sitinkawaveka kuopa zilonda, n'kunena mawu aja a nthawi zonse. Alamu analuma mano. Kenaka kaphini kanayenda ulendo wake, ndipo anakamva pamchombo pomwe paja.

"Kunyumba chimagwedera, adokotala," anatero achemwali. "Kunoku chimachita manyazi."

"Mayi, sindikufuna kukunamizani. Nthawi imene mtsempha ukanadzuka yapita. Yambani kuganiza za njinga ya olumala, ndi nyumba yopanda masitepe."

M'galimoto yobwerera achemwali ankangoti adokotala si Mulungu, iwo chalacho anachiona ndi maso awo. Alamu ankalankhula mokweza kuposa masiku onse. Anauza woyendetsa kuti wanyamula munthu wochira, ayendetse mwaulemu. Ankafuna kukhulupirira akazi awo, ndipo ndani akanawaletsa?

Pofika, aNthenga anawabereka monga mwa nthawi zonse. Sokosi ija, imene tinaiveka mothamanga, inali itatsala m'galimoto, ndipo phazi lamanja linkalendewera lili lambulanda. Ine ndinali pambuyo pawo ndi chikwama, achemwali pambuyo panga. Alamu anali pakati pa nkhani ya makina anga, mmene anawakwezera okha pamasitepe omwewa. Chapakati, phazilo linalowa pansi pa sitepe, chikhadabo chija n'kukola m'mphepete mwa chitsulo. ANthenga anamva kuti china chagwira, anayesa ndi thalauza, n'kukoka ndi mphamvu. Ndinakuwa mochedwa. Chikhadabo chonse chinazuka n'kutsala pachitsulo.

Alamu sanadule nkhani. "Mwaona, mpaka lero alamuwa akuchitabe nsanje," anatero pomva kukuwa kwanga. "Ndinawafunsa kuti katundu weniweni ali kuti!"

Anawakhazika pampando wawo pafupi ndi wailesi, akusekabe. Ndi pamene anaona madontho ofiira pansi, ochokera pakhomo mpaka pakati pa chipinda.

"Nthenga, wadzicheka pati? Alamu, bweretsani kansalu, mnzanga wavulala. Masitepe amenewa ndakhala ndikunena."

ANthenga anayang'ana mapazi awo, anatembenuza manja, osapeza bala. Achemwali anadutsa pakati pathu. Anagwada, ananyamula phazi la amuna awo n'kuliika pamiyendo pawo, ndipo anavula mpango wa kumutu n'kuyamba kukulunga chalacho. Magazi analowerera mpangowo n'kutulukira kunja. Ankamanga mwamphamvu, moti munthu wakumva akanakuwa.

Alamu anawerama n'kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikufinyidwa m'manja mwa akazi awo.

"Magaziwa ndi anga?" anafunsa.

ANthenga anakhala pansi pomwe anaima, n'kubisa nkhope m'chipewa.

"Mayi," anatero alamu, mawu ali phee, "mawa m'mawa musadzandivundukulenso phazi."

Ine ndinatenga ndowa ndi chikolopa n'kutuluka kukatsuka masitepe. Chikhadabo chija chinali chikadali pachitsulo.